Mphindi Zosowa pa Telekisi

Munthu uja anandipeza m'kachipinda kanga ka zitsulo pa Dedza Boma, m'mawa wina wa Julayi 1987, nkhungu itaphimba phiri lonse. Anavala jekete lalitali lokhala ndi baji ya chipani, ndipo dzina lake sanatchule. Masiku amenewo munthu akatsika m'galimoto ya boma osatchula dzina, iwenso sunkafunsa.

"Ndinu a Gerevazio okonza matelekisi?"

Ndinavomera. Telekisi anali makina onga taipi, olumikizidwa ku waya: ukalemba kuno, mawu ankatuluka papepala ku Blantyre kaya ku Ulaya. Dedza yense wodziwa za m'mimba mwa makinawo ndinali ine ndekha, ndipo ndinkadzimva nazo, sindibisa.

"Amathamanga bwanji makina amenewa?"

Apa ndiye anandikanda poyabwa. Ndinatenga choko n'kuyamba kulemba patebulo ngati mphunzitsi. Waya umagunda ka 50 pa sekondi imodzi, ndinatero, ndipo chilembo chilichonse chimadya kugunda kasanu ndi kawiri ndi theka. Mukagawa bwino, masekondi atatu amanyamula zilembo 20, mphindi imodzi zilembo 400, ola lathunthu 24,000. Ndinaonjezanso, osafunsidwa, kuti limenelo ndi liwiro la tepi, kapepala kobowolabowola kamene mlembi amakonzeratu kuti makina azidziwerengera okha. Ankangogwedeza mutu, ine n'kumati ndapeza wophunzira wanzeru.

Kenaka anayala mapepala awiri pamwamba pa masamu anga. Loyamba linkasonyeza kuti Lachiwiri lapitalo telekisi ya ofesi ina ya mpingo, yothandiza othawa nkhondo a ku Mozambique, inalumikizidwa ku Ulaya kwa mphindi zisanu ndi zinayi. Pepala lachiwiri linali uthenga umene ofesiyo inasunga m'faelo, wopempha mabulangete ndi mankhwala. Anali atawerenga zilembo zake chimodzichimodzi ndi pensulo.

"Zilipo 800," anatero. "Pa masamu anuwa ndi mphindi zingati?"

"Ziwiri."

"Nanga m'mphindi zisanu ndi ziwiri zotsalazo munadutsa chiyani?"

Mutu wanga wopusawu unachulukitsa wokha: zilembo 2,800. Mlembi wa telekisi mu ofesi imeneyo anali Alufeo, mchimwene wake wa mkazi wanga Bernadetta. Mwezi wa Meyi, amuna anayi a kwawo ku Kaphuka anatengedwa pa Landirova ya boma akukumba kachewere, ndipo kumene anapita palibe ankadziwa. Alufeo anali atanenapo pakhomo panga kuti maina awo akanangofika kunja, mwina akanapulumuka. Ndinamukalipira tsiku limenelo kuti atseke pakamwa. Lero pakamwa potseguka panali panga.

"Bwana," ndinatero, "mwina sanagwiritse tepi. Munthu akamalemba ndi zala waya uli wolumikiza, amachedwa kwambiri. Mphindi zisanu ndi zinayi zingakwane."

"Zingakwane?" Anamwetulira. "Tiyeni tikaone."

Tinapita pa galimoto yake. Panja pa ofesiyo panali mzere wa amayi othawa nkhondo, atadzikuta zitenje chifukwa cha kuzizira. Ataona galimoto anapatuka osauzidwa. Alufeo anatiyang'ana tikulowa, nkhope yake n'kuchita phulusa, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti maina aja anawatumizadi.

Mlendo uja anampatsa moni waulemu. "Musaope, a Alufeo. Boma likuyesa alembi onse a telekisi. Ochedwa tikuwabweza kusukulu, aliwiro tikuwakweza. Tangotilemberani kauthenga aka."

Ndinaona mapewa a mlamu wanga akutsika. Anapuma, n'kuseka pang'ono, n'kupukuta manja m'thalauza. Munthu amene ankayembekeza unyolo anamva zoti ndi mayeso chabe, ndipo pa mayeso a taipi Alufeo sankagonja kwa aliyense. Satifiketi yake inali pakhoma, m'galasi.

Kuti apulumuke anayenera kutha mphindi zisanu ndi zinayi, kutanthauza zilembo zosakwana 90 pa mphindi, kujompha ndi chala chimodzi ngati nkhuku yokhuta. Ndikanamuuza bwanji? Wotchi mlendoyo anali ataipereka kale m'manja mwanga.

"Alamu," ndinatero, "musathamange. Makinawa ndi okalamba."

"Musadandaule alamu, ndimawadziwa ine amenewa."

"A Gerevazio," anatero mlendo uja mofatsa, "maso pa wotchi."

Zala zinayamba. Phokoso lake linali la matalala padenga la malata, lopanda popumira. Ndinakhosomola, sanatembenuke. Ndinagwetsa sikuludiraiva pansi, sanaimve n'komwe. Mzere woyamba unatha, wachiwiri, wachitatu, pepala likukwera, mutu wanga ukuwerengera ngakhale sindinkafuna: zilembo zisanu pa sekondi, 300 pa mphindi. Ndinamukwiyira kwambiri nthawi imeneyo, ndinafuna kumumenya khofi, munthu wanzeru zake kuthamangira kudzenje chonchi akumwetulira. Koma dzenjelo ndinali nditakumba ndine ndi choko changa, ndipo madzi akatayika saoleka.

Anamenya kadontho komaliza n'kukweza manja.

"Nthawi?" anafunsa mlendo uja.

Ndinaganiza zonama. Kenaka ndinaona kuti wapinda dzanja la jekete lake, ndipo pamkono pake panali wotchi ina.

"Mphindi ziwiri ndi masekondi 40."

"Mwamva alamu?" anatero Alufeo. "Chonsecho zala zinali zozizira."

Mlendo uja anang'amba pepala lija pamakina, n'kulipinda pamodzi ndi awiri aja. "Mwakhoza kwambiri, a Alufeo. Tengani jekete lanu. Ku Lilongwe akufuna akuoneni."

Dalaivala anali ataima kale pakhomo, ndipo pambali pake panali mwamuna wina amene tinabwera naye m'galimoto muja. Alufeo anawayang'ana onse awiri, kumwetulira kuja n'kuyamba kuzimiririka. Jekete analitenga, koma dzanja limodzi linkaphonya polowera. Atafika pakhomo anatembenukira kwa ine.

"Alamu, kodi ndalakwitsa chilembo?"

"Ayi," ndinayankha. "Simunalakwitse n'chimodzi chomwe."