Nkhukundembo Yapita ku Chimaliro

Tione Muhiwa adafika kwawo ku Thyolo mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tiyi m'minda atachita kufota poyembekeza mvula. Adabwera ndi mwamuna wake Keith, mzungu wa ku Canada, wamtali woti pakhomo lililonse ankalowa chowerama. Tione adakhala zaka zambiri ku Winnipeg, komwe adaphunzira za unamwino n'kupezanso ntchito, koma aka kanali koyamba kubwera ndi mwamunayo kumudzi. Adafikira kwa mchimwene wake Cuthbert, wachiwiri kwa manejala pa esiteti ina ya tiyi, yemwe ankakhala m'nyumba yaikulu ya kampani pamwamba pa chitunda, ya khonde lozungulira ndi kapinga wothiriridwa.

Ulendowu udakumana ndi tsiku lomwe kwawo kwa Keith salidumpha. Lolemba lachiwiri la Okutobala anthu a ku Canada amachita Thanksgiving, chikondwerero chothokoza zokolola. Kumeneko nthawiyo amakhala atatuta za m'munda, masamba a mitengo atafiira, chisanu chikuyamba kuluma makutu. Banja lonse limasonkhana pamodzi, amawotcha nkhukundembo yathunthu atayidzaza m'mimba ndi buledi wonyenyanyenya ndi anyezi, amasinja mbatatesi, amaphika keke ya dzungu yotchedwa payi. Kunyumba kwa a Pearl, mayi ake a Keith, kunalinso lamulo lawo: nthuli yoyamba imapita kwa wamkulu wa onse pabanjapo, ndipo asanayambe kudya aliyense amanena chimene akuthokoza. Chaka choyamba Tione ali mlendo wosadziwa ngakhale foloko yoyambira, a Pearl adamukhazika pambali pawo n'kumamuikira okha chakudya m'mbale. Kuyambira pamenepo iye ankalota tsiku lomwe mayi ake omubala adzakhale pa chakudya chotero.

Atamuuza Cuthbert za chikondwererochi, iye adalumpha ndi chimwemwe. Adatuma dalaivala ku Luchenza kukagula nkhukundembo yonenepa kwa mlimi wina. Adaitana bwana wamkulu wa esiteti ndi akazi awo, adaitana manejala wa fakitale, adaitananso dokotala wa pachipatala cha kampani. Tione sadaone vuto. Tebulo linali lalikulu.

M'mawa wa Lolembalo kukhitchini kunali piringupiringu. Mildred, mkazi wa Cuthbert, ankasenda mbatatesi. Keith adavala epuloni n'kumakanda ufa wa payi, dzungu atalipeza kwa mayi wina amene adalisunga padenga chikololereni. Tizipatso tofiira towawasa tomwe amadyera nyamayi ku Canada kuno kulibe, choncho Tione adathyola mabulosi kuseri kwa nyumba n'kuwawiritsa ndi mandimu. Nkhukundembo itakhala mu uvuni kwa kanthawi, fungo litayamba kuzungulira nyumba, iye adapukuta m'manja n'kupita pakhonde pomwe mchimwene wake ankawerenga mauthenga pafoni.

"Achimwene, galimoto yokatenga amayi inyamuka nthawi yanji?"

Cuthbert sadadzutse mutu msanga. "Amayi tiwatumizira mbale mawa. Ndawauza kale."

"Mawa?"

"Iwe Tione, waiwala mwambo? Mkamwini sadya pamodzi ndi apongozi. Amayi sangakhale tebulo limodzi ndi Keith. Ukufuna tiwavutitse?"

Tione adamuyang'anitsitsa. Cuthbert ameneyu, amene ngakhale pamaliro a bambo awo adakana kumeta, lero ndiye wasanduka mlonda wa mwambo?

"Nenani zoona, achimwene."

Iye adaika foni pansi. "Chabwino. Kukubwera abwana anga. Amayi athyola tiyi pa esiteti yomwe ino moyo wawo wonse, theka la anthu pano amawadziwa ndi dengu kumsana. Chizungu sadziwa, foloko sadziwa, akayamba kuyankhula asakaniza Chilomwe. Iwe sabata yamawa ukwera ndege. Ine nditsala pano, ndipo Lachiwiri ndikakhala mumitingi ndi anthu omwewa. Mudziko lino ulemu ndi wovuta kuupeza, mlongo wanga."

"Ndiye dengu lomwe linakutumizani ku koleji lija lero likununkha?"

"Usandiyankhule choncho m'nyumba mwanga."

"Mwanena bwino," adatero Tione. "Nyumba ndi yanu."

Adabwerera kukhitchini, adazimitsa uvuni, adatenga nsanza ziwiri n'kutulutsa chiwaya cha nkhukundembo, mafuta akuthetheka. Mildred adasiya mpeni uli m'mbatatesi.

"Alamu, sinapse imeneyo! Mukupita nayo kuti?"

"Kwa eni ake. Ndibwerekeni beseni lalikulu lija."

Adamufotokozera Keith m'mawu ochepa. Mwamunayo adafiira nkhope, adayang'ana chakukhonde, kenako adavula epuloni n'kuyamba kulongedza mapayi m'katoni osafunsa kanthu. Mildred adazengereza, kenako mwakachetechete adathira theka la mbatatesi m'poto wina n'kumupatsa Keith, maso ali pansi.

Cuthbert adawatsekera njira pamasitepe. "Tione, alendo afika masana ano. Ndiwapatsa chiyani?"

"Mufiriji muli nkhuku."

"Galimoto yanga sukwera."

"Sindinaipemphe."

Adapinda chitenje kukhala nkhata, adasenza beseni, n'kutsika chitunda. Kutentha kwa chiwaya kunkadutsa nkhata kumufika paliwombo, thukuta likuyenderera m'khosi, koma sadaime. Njira yachidule yopita kumudzi kwawo ku Chimaliro imadutsa pakati pa minda ya tiyi, njira yomwe ali mwana ankadzera popititsa phala kwa mayi ake. Keith ankatsatira pambuyo, katoni pachifuwa, poto atamumangirira kumsana ndi chitenje ngati khanda. Azimayi omwe ankapalira m'mizere adaweramuka n'kuimika makasu.

"Si Tione wa a Enid uyu? Mwasenza chiyani chonunkhira chonchi?"

"Ndiwo za amayi!"

"Nanga azunguwo mwawabereketsa mwana wa ndani?"

Kuseka kudayenda mzere ndi mzere mpaka kutsidya. Atafika pamsewu wafumbi adapeza akabaza awiri pansi pa mtengo wa jakaranda, ndipo mtunda wotsalawo adayenda panjinga, Tione atakumbatira beseni pamiyendo.

Mayi Enid anali pamkeka kuseri kwa nyumba akusola nandolo. Anali munthu wochepa thupi, zala zawo zitapindika ndi kuda kunsonga chifukwa cha zaka za kuthyola tiyi. Ataona mkamwini wawo adakokera mpango kumaso n'kutembenukira kumbali. Tione adatula beseni patsogolo pawo n'kuvundukula.

Mayiwo adayang'ana nyamayo, adayang'ana mwana wawo, ndipo adamvetsa zonse asanauzidwe.

"Bwerera nayo."

"Sindibwerera nayo, amayi."

"Ukufuna mchimwene wako achite manyazi pamaso pa mabwana ake? Ntchito ija ukuidziwa mmene anaivutikira? Ine mbale yanga ibwera mawa, ndadya zamawa moyo wanga wonse, sindinafe."

"N'chifukwa chake lero mudya zalero."

"Tione, usandibweretsere nkhondo pakhomo."

Tione adalowa m'nyumba kukatenga madzi akumwa. Pachingwe cha kuchipinda padapachikidwa chilundu chatsopano ndi bulauzi yoyera, zositidwa bwino, nsapato zakutchalitchi zitapukutidwa pansi pake. Atatuluka adagwada pafupi ndi mayi ake.

"Zovala zija munasitira ulendo wa kuti?"

Mayi Enid adapitiriza kusola nandolo, koma makoko ankawagwa m'manja. Patapita nthawi adafunsa motsitsa mawu, "Yapsa imeneyi?"

"Yatsala pang'ono."

"Pita nayo kwa Chikhulupiriro. Uvuni wake ukadali wamoto, waphula masikono posachedwapa."

Chikhulupiriro anali mayi woyandikana nawo nyumba, wophika masikono ogulitsa ku Luchenza. Uvuni wake unali wa njerwa ndi dothi, chitseko chake chidutswa cha lata. Adaseka mpaka kugwira m'chiuno ataona kukula kwa mbalameyo, koma adasonkhezera makala n'kuilowetsa pamodzi ndi mapayi. Keith adakhala chonyonyomala pambali pa uvuni, akutsegula lata pafupipafupi kuti athire msuzi pamwamba pa nyama, utsi ukumuliza misozi. Tione adawiritsa mbatatesi n'kuisinja ndi mthiko. Fungo lidaitana anthu okha: azakhali ake a Tione, ana awo, akulu ampingo awiri omwe ankangodutsa. Wina adabwera ndi nandolo wophika, wina chinangwa, wina nthochi. Adayala mikeka pansi pa mtengo wa mango.

Nyama itapsa padatsala nkhani ya mkamwini. Mayi Enid adavala chilundu chawo chija, koma adakakhala patali, atafulatira. Tione adamunong'oneza Keith zoyenera kuchita. Keith adadula nthuli yoyamba ya pachifuwa, adaiika m'mbale, adayenda chogwada pafumbi mpaka pomwe panali apongozi ake, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Amayi, landirani," adatero m'Chichewa chake chopunduka.

Mayi Enid adayang'ana mbaleyo nthawi yaitali.

"Kwathu mkamwini akafuna kuti manyazi athe amabwera ndi nkhuku," adatero. "Uyu wabwera ndi nkhuku yomeza nkhuku zinzake. Nditani nanga?" Adachotsa mpango kumaso n'kumuyang'ana. "Khalani apa, bambo. Mawondo awawa."

Nthungululu zidalira. Zisanathe, galimoto ya kampani idaima pamsewu ndi fumbi lambiri. Cuthbert adatsika atavala tayi, nkhope ili gwa. Adafika pamikeka osapereka moni.

"Tione, tenga nyamayo tizipita. Abwana afika, akudikira. Amayi, muuzeni mwana wanuyu."

Tione adaimirira pakati pa iye ndi chiwaya.

"Yadulidwa kale, achimwene. Nthuli yoyamba yapita kwa mwini wake. Mukafuna, katengeni abwana anuwo abwere adzakhale pamkeka pano. Malo alipo."

"Wapenga iwe?"

"Mwina."

Cuthbert adatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, mukungoyang'ana?"

Mayi Enid adatafuna pang'onopang'ono, adameza, adapukuta pakamwa. "Ndikudya, mwana wanga. Mbale yako tikutumizira mawa."

Wina mwa azakhali adatsamwa ndi kuseka. Cuthbert adayang'ana anthu onse aja, ambiri a iwo omwe adamunyamulapo ali khanda. Kwa kamphindi Tione adaganiza kuti avula nsapato akhale pansi, ndipo adapeza kuti mumtima akufunitsitsa atatero. Koma iye adakonza tayi, adabwerera kugalimoto, n'kumenyetsa chitseko.

Fumbi litakhazikika, chimwemwe chija chidazirala pang'ono. Mayi Enid adaika mbale pansi, maso ali kumsewu. Tione ndiye adayamba kuyankhula. Adafotokoza kuti kwawo kwa Keith, patsikuli aliyense amanena chomwe akuthokoza, ndipo adapempha akulu ampingo kuti ayambe. Mmodzi wa iwo adathokoza nandolo, kuti chaka chino mbozi zidamusiya. Chikhulupiriro adathokoza kuti uvuni wake lero waphika chakudya cha ku Ulaya osang'aluka. Keith adathokoza mthunzi wa mango. Itafika nthawi ya Mayi Enid, adayankhula m'Chilomwe, mokweza, nthawi yaitali, osasiya mpata woti wina amasulire. Adatchula amuna awo omwe adagona kumanda a kutsidya, adatchula Tione, adatchula mkamwini. Adatchulanso Cuthbert, kawiri.

Tione sadanene zambiri. "Ndikuthokoza kuti ndafika nayo isanazizire."

Adadya mpaka mafupa kuyera. Msuzi wa mabulosi ana adaukana, akulu adaunyambita. Payi wa dzungu adadabwitsa aliyense. Azakhali adati kuthira shuga m'dzungu ndi kulinyoza dzungulo, koma adapempha chidutswa chachiwiri.

Tione ndi Keith sadabwererenso kunyumba ya pachitunda. Katundu wawo adabwera naye Mildred mawa lake, ndipo adanong'oneza kuti alendo adadya nkhuku ndi mpunga, adayamikira, koma akazi a bwana wamkulu adafunsa kawiri konse kuti mlongo wa ku Canada uja ali kuti. Cuthbert sadaimbe foni sabata yonseyo. Mildred adapempha Tione kuti apepese, ngakhale ndi pakamwa pokha, kuti zinthu zizizire. Tione adakana. Adati tsiku lomwe achimwene adzatengere amayi pagalimoto n'kukawakhazika patebulo lija masana dzuwa likuwala, iye adzagwada n'kupepesa kawiri.

Tsiku lonyamuka, Mayi Enid adawaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi ku Luchenza. Asanatsanzikane adakokera mkamwini wawo kumsika, kwa bambo wina wogulitsa ziweto, n'kuloza tiana ta nkhukundembo tomwe tinkalira m'dengu. Adasankha tiwiri, tonyansa, ta makosi aatali, n'kutikulunga m'chitenje.

"Za kugula zimakhala zouma," adauza Tione. "Umuuze kuti ya chaka chamawa ndiweta ndekha."