Dzina la Masautso

1.
Mponela, 1997. Dothi la pamanda a mkulu wathu Masautso lisanaume, ine ndi mlongo wanga Enelesi tinagwirana dzanja. Mwana wamwamuna woyamba kubadwa, kaya kwa iwe kaya kwa ine, adzatenga dzina limeneli. Wolankhula ndinali ine. Iye anangogwedeza mutu. Patapita miyezi itatu ndinakwera ndege kupita kunja, ku Leeds.

2.
Kwa Enelesi kunabadwa Yankho. Kenako Tadala. Kenako Siyileni. Kenako Mwatitha.
Atsikana okhaokha.

3.
Zaka 27, kenako uthenga pafoni kuchokera kwa Tadala. Amalume, a Yankho achira, mwana wamwamuna. Ndinagula kabulangete ka ubweya ku Leeds komweko, poti wotcha dzina safika chimanjamanja, n’kuwerenga masiku kuti ndipeze khandalo likadali m’chikuta, mchombo usanagwe. Umo ndi momwe tinkachitira. Tinkachitira.

4.
Dzinalo linalembedwapo motere:
Masautso, pa chiphaso cha ubatizo.
Masauso, ndi penti yoyera pa makina ake osokera.
Masawutso, pa mtanda, kalipentala atawonjezera zake.
Masa, pakamwa pa anthu odzatenga mathalauza awo.
M., kumapeto kwa makalata amene ankanditumizira kusekondale, kumene ndinapita ine, iye n’kutsala pakhonde la sitolo akupalasa makina kuti ndipite.

5.
Pabwalo la Enelesi aliyense ali ndi pakamwa, mkamwini Gibisoni bambo wa khandalo akuti amalume musakhumudwe koma dzina limatsata mwini wake, abusa athu amatero, mwana kumutcha Masautso ndiye kuti mwamuitanira masautsowo nokha, Tadala akuti kusukulu anzake akamutha ndi kuseka, mayi wa nyumba yoyandikana amene sanaitanidwe akuti Masautso amene ndikumudziwa ine analumidwa ndi njoka kawiri mwendo womwewo, onse akuseka, Mwatitha akuti bwanji tingomuika pakati, dzina lapakati salitchula munthu, ndipo Yankho, mwana wa mlongo wanga, akuyamwitsa, akufunsa ndi mtima woyera, kodi a Masautsowo ndi aja a pachithunzi atakoleka tepi m’khosi

6.
Mwamuna woyamba. Kaya kwa iwe kaya kwa ine.

7.
Ndiye iwe wa ku Leeds, ndi mabuku ako onse, ukuyamba kuphunzitsa. Ukuwauza kuti amayi anaika m’manda ana atatu asanabereke iyeyo, kuti dzina lowawa ankapatsa mwana dala, imfa ikalimva inyansidwe, idutse. Kuti silinali temberero, unali mpanda. Gibisoni akuyang’ana foni. Khonde lija la sitolo tsopano amagulitsirapo mayunitsi. Makina anagulitsidwa kwa munthu wa ku Madisi. Palibe amene akukumbukira liti.

8.
Amalume, mwina muone nokha.
Yankho akundipatsira kabuku ka kusikelo ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse. Anamwino analemba kale dzina, tsiku lobadwa lomwelo, ndi bolopeni yabuluu.
Prosper.
Mchombo sunagwe n’komwe. Kabulangete kali pamiyendo panga, m’pepala lake.

9.
Ndinamupeza Enelesi kuseri kwa nyumba akuswa mtedza. Imvi. Sindinadziwe kuti ali ndi imvi.
Enelesi, unali pomwepo paja.
Ndinalipo, achimwene.
Unagwedeza mutu.
Ndinagwedeza.
Nanga ana akupondereza dzina la mkulu wako pabwalo lako, iwe uli duu?
Mimba zinayi, achimwene. Iliyonse ndinkapita kumanda kukamuuza kuti ino yokha ndi yako. Akabadwa wamkazi ndinkapitanso kukapepesa. Inu munali kuti?
Ndinali kutali.
Eya. Kutali.
Anasansa makoko pachitenje, n’kulowa m’nyumba. Ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi envulopu yofiirira ndi ukalamba, n’kuiika mu lichero, pamwamba pa mtedza.
Simunaiwale kuwerenga zolemba zanu.

10.
Sitampa ya kunja. M’kati muli chithunzi: khanda m’kabulangete ka ubweya, m’manja mwanga. Kuseri kwake, dzanja langa:
Leeds, Malichi 2001. Mwana wathu woyamba, wamwamuna. Dzina lake Callum.