Amayi a ku Murtino Anaphika Alendo

Mayi Trajanka anagwa m'mawa ali kuseri kwa nyumba, akuwotcha tsabola. Inali nyengo imene mzinda wonse wa Strumica umanunkhira utsi, banja lililonse likukonza ajvar, ndiwo ya tsabola wowotcha yodzadya kukazizira. Amuna awo, a Gligor, anali m'nyumba kuwerenga nkhani zimene anthu anatumiza ku magazini yawo, ndipo anangomva chitsulo cha pambaula chikugwa, khwengwerere! Atathamangira panja anapeza akazi awo ali gada pafupi ndi dengu, kamwa litapotokera mbali, maso ali tong'o. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, lilime nalo litamangika.

"Moyo wokha tawupulumutsa," anatero adokotala, mayi wamtali wosakonda kukometsa nkhani. "Koma kuti akumva zochuluka bwanji, kapena ngati adzathanso kuwerenga, panopa sindingakunamizeni. Sitikudziwa. Muzibwera, muziwalankhula."

A Gligor ankapitadi masana aliwonse. Ankakhala pampando n'kumawauza za tsabola uja, kuti aneba anamaliza kusenda n'kuphika, za mwana wawo Biljana amene ankaimba foni kuchokera ku Germany akulira, za nyimbo zimene anaimba kutchalitchi. Mayi Trajanka ankangoyang'ana pawindo. Nthawi zina ankatembenuza maso n'kuwayang'ana amuna awo monga mmene munthu amayang'anira mlendo pamalo okwerera basi. Zimenezi n'zimene zinkawadya mtima a Gligor. Imfa sankaiopa kwambiri, poti onse awiri anali okalamba ndipo ankaidziwa njira yake. Ankaopa kuti mwina mkazi amene anakangana naye moyo wonse pa nkhani ya mipumiro ndi zilembo zazikulu anachoka kale, pabedipo pangotsala thupi.

Magaziniyo inkatchedwa Loza, kutanthauza mpesa, ndipo inkatuluka mwezi ndi mwezi kupita kwa Ametodisiti a mumzinda ndi m'midzi yozungulira. Sinali ya ofesi ya mpingo. Palibe mbusa amene ankaiona isanasindikizidwe, ndipo n'chifukwa chake ena ankaiyembekezera ndi chimwemwe, ena ndi nkhawa. Eni ake anali atatu. A Gligor, mphunzitsi wopuma pantchito, ankasankha nkhani ndi kulemba tsamba loyamba. A Pande, mnzawo wa kuubwana, mlimi wa tomato wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka, ankayala masamba pakompyuta. Mayi Trajanka ankawerenga zonse komaliza ndi cholembera chofiira, ndipo chimene iwo akana chinali chokanika, ngakhale atalemba ndi amuna awo.

Tsiku lina m'mawa a Pande anafika ndi kompyuta yawo kukhwapa, n'kupeza a Gligor ali khuma kukhitchini, makapu akuda ali mbwee patebulo.

"Ya mwezi uno sitituluka nayo," anatero a Gligor asanapatsidwe n'komwe moni. "Mwinanso basi, yathera pomwepa."

"Iwe Gligor, wadya chiyani lero?"

"Ndamwa khofi."

"Dzulo?"

"Khofi."

"Ndiye n'chifukwa chake ukulankhula ngati khofi. Tamvera. Amayiwa akadzadzuka n'kumva kuti tinadumpha mwezi, adzatisenda khungu tonse awiri ngati tsabola. Iwe ndiwe mwamuna wawo, unazolowera. Ine ndili ndi zidzukulu."

"Nanga akapanda kudzuka?"

A Pande anakankhira makapu kumbali kuti aike kompyuta.

"Ndiye tidzalira nthawi yake ikafika. Lero ndipatse nkhani ya msonkhano wa kumudzi wa Murtino. Yandisowa."

Anagwira ntchitoyo awiriwiri, mokokana. A Pande ankalemba ndi zala ziwiri zonenepa uku akutukwana kompyuta, a Gligor ankawerenga pambuyo pawo maso ali pa pepala, mtima uli kuchipatala. Zitatha anatumiza kosindikizira, ndipo tsiku lotsatira a Gligor anadzera komweko kukatenga masamba oyeserera, oti awaone kaye makina asanayambe. Nthawi yoona odwala inali itakwana, choncho anangowapinda n'kuwaika m'thumba la jekete.

M'chipindamo munali bedi lina la gogo Velika, amene anathyoka m'chiuno koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Abwera aphunzitsi athu!" anafuula gogoyo. "Lero mwatitengera chiyani? Dzulo munatiuza za tsabola, dzana za tsabola. Ine tsabola ndatopa naye."

"Lero ndabwera ndi nkhani za mpingo, agogo."

"Ine ndine wa Orthodox, koma werengani. Pabedi pano palibe chosankha."

A Gligor anakokera mpando kumanzere kwa akazi awo, mbali imene inali yamoyo, n'kutambasula masambawo pakati pawo monga ankachitira kunyumba. Sanaganize zoyesa chilichonse. Nkhani zowauza zinali zitangowathera. Anawerenga tsamba loyamba, anawerenga za ubatizo wa ana awiri, kenako anafika pa msonkhano wa ku Murtino.

"Mapemphero atatha," anawerenga motero, "amayi a ku Murtino anaphikira alendo ochokera ku Serbia, ndipo aliyense anakhuta."

Dzanja lamanzere la mayi Trajanka linamenya bulangeti, phu!

A Gligor anadzidzimuka. "Trajanka, chavuta n'chiyani? Pakupweteka?"

Phu! Phu! Kukhosi kwawo kunatuluka kamawu kokhadzula, nkhope itafiira.

"Madzi? Mukufuna madzi?" Anatenga kapu, koma mayiwo anapotoza mutu. Anakonza pilo, dzanja lija likumenyabe. Mantha anawagwira a Gligor, poti adokotala anali atawachenjeza kuti sitiroko imatha kubwereza. Anatuluka pakhomo akuitana anamwino.

Pobwerera ndi namwino anapeza mayi Trajanka atakoka tsamba lija mpaka pachifuwa, chala chili dii pamzere umodzi, chikhadabo chitatsala pang'ono kuboola pepala.

"Agogo, khalani pansi, musagwe nanunso," anatero namwinoyo kwa a Gligor, uku akugwira mkono wa wodwalayo. "Mtima ukugunda bwino. Akuoneka ngati akwiya basi. Mwawauza chiyani?"

"Palibe! Ndimangowerenga apa." Anawerama n'kuwerenganso mzere umene chala chinaloza. "Amayi a ku Murtino anaphikira alendo ochokera ku Serbia. Trajanka, kodi simukufuna nkhani ya ku Murtino? Tiichotse?"

Mayi Trajanka anatseka maso mwamphamvu, monga ankachitira amuna awo akaiwala ambulera m'basi.

Namwino anasuzumira papepalapo. Anawerenga chamumtima, kenako anagwira pakamwa, mapewa akugwedera, mpaka kuseka kunamupulumuka.

"Agogo, simunawerenge zimene zalembedwa. Apa akuti amayi a ku Murtino anaphika alendo ochokera ku Serbia, ndipo aliyense anakhuta!"

"Mayo ine!" anakuwa gogo Velika. "Ndinkadziwa ine kuti Ametodisitiwa ali ndi zawo! Musandiseketse, chiuno changa, chiuno changa!"

A Gligor anavala bwino magalasi n'kuyandikitsa pepala. Zinalidi choncho. Anaphika alendo. Iwo anali atawerenga mzerewo kunyumba, anauwerenganso mokweza kawiri m'chipinda momwemo, ndipo nthawi zonsezo pakamwa pawo pankakonza pokha. Anaima pomwepo pepala lili m'manja, maganizo akubwera pang'onopang'ono ngati munthu wodzuka kutulo. Ngati iwo anawerenga zolondola, ndiye kuti akazi awo sanamve cholakwikacho ndi makutu. Anachiona ndi maso awo, anachizindikira, ndipo chinawakwiyitsa.

"Trajanka," anatero chapansipansi. "Mukuwerenga?"

Mayiwo anatsegula maso n'kuwayang'ana, ndipo ulendo uno sikunali kuyang'ana mlendo. Mbali yamanzere ya kamwa inakwera pang'ono, m'chifuwa munatuluka kaphokoso ngati chifuwa chouma. Kunali kuseka. A Gligor anangokhala pampando thapsa, n'kuika chipumi pa dzanja la akazi awo. Analira mosabisa, namwino ndi gogo Velika akuona. Dzanjalo linawalola kanthawi, kenako linadzisolola n'kuyamba kufufuza m'thumba la malaya a amuna awo. Linkafuna cholembera.

Adokotala ataitanidwa anabwera n'kuona mayi Trajanka akukhwatcha mzere wokhotakhota ndi dzanja lamanzere pansi pa liwu lija. Anawafunsa kuti aloze dzina la mudziwo, analoza. Anawafunsa kuti aloze pamene palembedwa za ubatizo, anatembenuza tsamba movutikira n'kuloza, ndipo asanachotse chala anakhwatchanso pena, pamene a Pande analemba dzina la mwana ndi chilembo chaching'ono.

"Musathamange," adokotala anawauza a Gligor panja pa chipinda. "Kulankhula kudzatenga nthawi, ndipo mwina sikudzabwerera konse. Dzanja lamanjalo sindikulonjeza. Koma zimene zachitikazi ndi nkhani yabwino, yabwino ndithu. Mawa muwabweretsere masamba ena."

A Gligor anatsikira pabwalo la chipatala, anakhala pabenchi padzuwa, n'kuimbira a Pande.

"Pande, uwauze akosindikiza asayatse makina."

"Chachitika n'chiyani? Gligor, usandiuze kuti..."

"Wawaphikitsa alendo, chitsiru iwe. Tsegula tsamba la ku Murtino."

Kunamveka kupuma kwa a Pande ndi kugogoda kwa zala, kenako chikhakhali chimene chinachititsa a Gligor kuchotsa foni kukhutu.

"Ambuye tikhululukireni! Abale athu a ku Serbia! Wachiona bwanji iwe, wakhungu ngati mfuko?"

"Si ine. Achiona ndi a Trajanka."

Kumbali inayo a Pande anamina mwamphamvu.

"Okha? Ndi maso awo?"

"Ndi maso awo. Apezanso china pa tsamba la ubatizo. Chakonso."

"Alemekezeke Mulungu. Auze apeze zonse, ndalakwitsa zambiri, sindinawamane." Anaminanso. "Koma Gligor, cha alendochi tichisiye momwemo. Anthu adziwe mmene zinachitikira."

"Kawauze wekha zimenezo. Ali ndi cholembera m'manja."

"Ayi, ndikonza, ndikonza."

Kenako anaimbira Biljana, amene anali kuntchito ndipo anachita kuthawira m'khonde kuti amve bwino. Anawauza bambo ake kuti abwereze nkhaniyo kuyambira pachiyambi, ndipo atamaliza anati abwerezenso. Foni itatha a Gligor anamva chinthu chimene anali atachiiwala: njala. Anawoloka msewu n'kugula burek wotentha, chitumbuwa cha tchizi, anadya ataimirira pakhomo pa sitolo mafuta akuyenderera m'zala, n'kugulanso wina wokapatsa gogo Velika.

Loza ya mwezi umenewo inachedwa, chifukwa mayi Trajanka sanalole kuti ipite asanaone tsamba lililonse, ndipo ankatopa msanga. Chisanu chisanagwe anawatulutsa m'chipatala n'kuwatumiza ku akasupe otentha a ku Bansko kukaphunziranso kuyenda. Anabwerera kunyumba akuyenda ndi ndodo, dzanja lamanja lili lende, mawu akutuluka amodziamodzi ngati madontho. Liwu la "ayi" ndi limene linabwerera msanga kuposa onse, ndipo linkamveka bwino kwambiri pa misonkhano ya atatuwo. A Gligor anaphunzira kuphika nyemba ndi kuchapa makatani, ntchito zimene ankazigwira moipa koma mosanyinyirika. Pofika Khirisimasi mayi Trajanka ankatha kuimba ndime yonse ya nyimbo kutchalitchi osakodwa, ngakhale kuti kupempha mchere patebulo kunkawatengerabe thukuta.