Nkhope Yachiwiri pa Mayeso a Nesi

"Agogo, khalani apa, ndipo musakhudze chilichonse," anatero Nesi akukoka mpando mu kaofesi kodzaza mawaya.

Sanali nesi ayi, anali akadali ku koleji ya unamwino, koma kunyumba dzinalo linali litamera kale. Agogo ake, omwe anamulera chimwalirire mayi ake, anakhala pansonga pa mpando atafungatira chikwama. Maso awo anali pa bambo wothandiza aphunzitsi ndi ophunzira pa za makompyuta. Ophunzira ankamutcha a Zimitsani, poti matenda alionse a laputopu mankhwala ake anali amodzi: zimitsani, muyatsenso.

Agogo anali atamukayikira kale munthuyu. Tsiku lina bamboyu anaimbira foni Nesi, kamuvi kolozera ka pa laputopu n'kuyamba kuyenda kokha, mwana manja ali pamiyendo. Munthu ali kutali, koma dzanja lake lili m'chipinda cha mtsikana! Zoterozo si zoseka.

Mlandu unali wa mayeso olembera kunyumba. Lamulo linali lakuti kamera ikhale yoyatsa ndipo m'chipinda musapezeke munthu wina. Makina anagwira nkhope yachiwiri. Pa kolejipo wobera mayeso amachotsedwa sukulu.

Aphunzitsi a phunziro la mayesowo, mayi wa magalasi okhuthala, analowa osapereka moni.

"Tionetseni," anatero.

A Zimitsani anadina batani. Pa kompyuta panaoneka Nesi akulemba. Kumbuyo kwake katani inagwedezeka, kenako panatulukira nkhope ya Agogo, maso ali tong'o pa kamera, milomo ikuyenda.

"Ndine ndithu," anavomera Agogo. "Koma makina anuwa andikalambitsa."

"Mumamuuza chiyani mwanayu?" anafunsa aphunzitsi.

"Sindimalankhula ndi iyeyu. Ndimalankhula ndi awa."

"Ine, Agogo?" anadabwa a Zimitsani.

"Inu amene. Mwana anandiuza kuti kadiso ka pa laputopu kaja kamaona, ndipo oonawo ndi a ku koleji. Mwamuna aziyang'ana mwana wamkazi kuchipinda chogona, chitseko chotseka, ine ndili phee kukhitchini? Mbuzi sasungitsa kwa fisi. Ndinalowa mwakachetechete kuti aone kuti mwanayu ali ndi mwini wake."

"Ndiye mumati chiyani?"

"Ndimati, ndakuona iwe. Ndakuona."

A Zimitsani anaphulika kuseka. Agogo anawayang'ana cham'mbali. Munthu woseka msanga ndi wofunika kumusamala.

Aphunzitsi sanaseke. "Mawu akumveka?"

"Ayi, Madamu. Fani inali ikulira pafupi."

"Ndiye milomo iyi itha kukhala mayankho. Wina anabisa mchimwene wake pansi pa tebulo, n'kutiuza kuti ndi mphaka. Mudali anesi kale inu, mayi? Kapena aphunzitsi?"

Nesi anaweramitsa mutu, misozi ikudontha pa siketi. Agogo anaona kuti mwana akudziwa chimene chingamupulumutse, koma sanena. M'banja lawo nkhani imeneyi sinkatchulidwa. Pepala likabwera, Agogo ankangoti maso akuwawa lero, ndiwerengere.

Agogo anayang'ana aphunzitsi m'maso.

"Mayi, ine sukulu sindinaipondeko. Mutalemba dzina langa pachitseko icho, ndingalidutse ngati la mlendo."

A Zimitsani anayamba kukonza mawaya omwe sanafunike kukonza.

"Aliyense angathe kunena zimenezo," anatero aphunzitsi, koma mawu awo anali atatsika.

"Madamu, taonani apa," anatero a Zimitsani akubweza kanemayo. "Mtsikanayu sanatembenuke n'komwe. Ndipo funso limene amayankha Agogo ali kumbuyo analilakwa. Ngati anamuuza yankho, anamunamiza." Kenako anatembenukira kwa Agogo. "Komanso dziwani kuti ine sindikhala ndikuonerera. Makina amajambula okha, ife timatsegula pakakhala vuto."

"Pakakhala palibe vuto, zithunzizo zimagona kuti?"

"Zimasungidwa."

"Wozisunga ndani?"

"Kampani imene inatigulitsa makinawa."

"Mumawadziwa anthu ake? Ndi okwatira?"

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyang'ana kompyuta ija nthawi yaitali, ngati akuiona koyamba.

"Mayeso awa tawafafaniza," anagamula. "Alembanso kuno, m'chipinda cha makompyuta, ine ndili pomwepo. Akadzapezekanso ndi nkhope ina, ndiye basi."

"Kunyumba kwanga kadiso kaja kasadzatsegulidwenso," anatero Agogo akuimirira.

"Ndiye maphunziro onse a pa intaneti azichitira kuno," anayankha a Zimitsani. "Tili ndi malo, ndimupezera."

Awiriwo anatuluka mpaka pa geti. Pamenepo Nesi anagwira agogo ake pamkono.

"Simukanayenera kunena zija, Agogo."

"Manyazi saika munthu m'manda. Koma bambo ujayo usamamusekerere."

Kuyambira Lolemba lotsatira, Nesi ankanyamuka m'mawa laputopu ili kumsana, n'kubwera dzuwa litapendeka. Chipinda chake chinkakhala chotseka, chopanda woyang'anamo. Agogo anatulutsa mpando n'kuuika pakhonde, pomwe msewu umaonekera mpaka pokhota, ndipo minibasi iliyonse ikaima ankadzuka.