Mluzu Kuseri kwa Khola

Chithyokereni chiuno bambo, zaka zitatu zapitazo, ndine ndimaphunzitsa mahatchi pa famu yathu. Anthu amabweretsa mahatchi awo oluma ndi oponya mateche, ine n'kulimbana nawo mpaka alole kukweredwa. Bambo amakhala pa mpando pansi pa mtengo, ndodo pamiyendo, n'kumakuwa malangizo.

Ine kukuwa sinditha. Ngakhale ku sekondale aphunzitsi ankati mawu anga amathera m'kolala ya yunifolomu. Ndiye mahatchi ndimalankhula nawo ndi mluzu: umodzi wautali ndiye kuti yenda, iwiri yaifupi ndiye kuti ima.

Khola la famu yoyandikana nafe litapsa, eni mahatchi anayamba kufunsa ngati tili ndi inshuwalansi. Bambo anaitanitsa mapepala, ndipo ndinawawerengera ndine: nyumba, makola, mpanda, zishalo, kenako mzere wolembapo dzina la mphunzitsi wa mahatchi. Pansi pake panali timalemba tating'ono toti wolembedwa pamenepo yekha ndiye wololedwa kuphunzitsa mahatchi a eni.

"Pamenepo usiyepo kaye, mwanawe," anatero bambo.

Ndinasiyapo. Koma sabata yonse ndinkayeserera siginecha yanga kumapeto kwa kope lakale la masamu.

Tsiku loti wa inshuwalansi adzayendere famu, m'mawa kunatulukira achimwene. Iwo amagulitsa mafoni m'tauni, koma ali ndi satifiketi ya za ziweto imene inapachikidwa pabalaza pathu. Anabwera atavala nsapato zoyera.

"Mlongo, ukununkhabe ndowe?" anandiseka.

"Nsapatozo zinunkhanso posachedwa, achimwene."

Bambo sanaseke. Anandiitanira pakhonde n'kutsitsa mawu.

"Anthu a maofesiwa amafuna pepala. Satifiketi ali nayo ndi mchimwene wakoyu. Akafuna kuona mphunzitsi ali pa ntchito, iye alowa m'bwalo ndi Mwano. Iwe ukaime kuseri kwa khola, uziimba timluzu takoto."

"Nanga dzina langa, bambo?"

"Tidzawonjezera. Lero tingodutsa kaye."

Mwano ndi hatchi yaikazi yofiirira ya adokotala ena. Dzinali tinaipatsa chifukwa tsiku loyamba inaluma bambo paphewa. Inanditengera miyezi isanu kuti ilole ndiigwire khutu.

Wa inshuwalansi anafika dzuwa litakwera, bambo wamfupi wokonda nthabwala. Anayeza makola, anagogoda mizati, anajambula hatchi iliyonse kumaso ndi m'mbali. Kenako anati, "Tsopano tione aphunzitsi."

Ndinakaima kuseri kwa khoma la matabwa, diso pa mng'alu. Achimwene analowa m'bwalo atagwira chingwe kunsonga kwenikweni, ngati chikuwotcha. Anakweza dzanja, ine ndinaimba mluzu wautali, Mwano n'kuyamba kuzungulira. Anatsitsa dzanja, ine iwiri yaifupi, Mwano n'kuima nji.

"Eee! Osalankhula n'komwe?" anadabwa mlendoyo. "Mundiphunzitsireko ana anga kunyumba."

Onse anaseka. Kenako ndinamva mlendoyo akutembenuza mapepala, n'kufunsa bambo.

"Ndiye mphunzitsi ndi mmodzi yekhayu, bwana? Ngati alipo wina wogwira mahatchi, tilembe lero lomwe. Wopanda satifiketi timamulola ngati wothandizira, bola dzina likhalepo. Mukasaina, wina aliyense asalowe m'bwalomu."

Malo analipo. Sipankafunikanso pepala lililonse.

"Ndi yekhayu," anatero bambo. "Famuyi ndi yake. Akubwerera kumudzi kuno mwezi wamawa."

Sindinkadziwa zoti akubwerera. Achimwene sanadabwe, anangoyang'ana nsapato zawo.

"Tazungulitsaninso kamodzi ndijambule," anatero mlendoyo.

Achimwene anakweza dzanja. Ndinakonza milomo, koma mpweya sunatuluke. Sindinachite dala. Anakwezanso dzanja, n'kukwezanso. Mwano inawayang'ana, inapotoza makutu uku ndi uku kufunafuna, kenako inasolola chingwe m'manja mwawo n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa khoma langa. Inadutsitsa mutu pamwamba pa matabwa n'kundipumira m'tsitsi.

Mlendoyo anasuzumira. "Kodi kuli munthu kuno? Ameneyu ndani?"

Ndinatuluka, manja kumbuyo. Ndinayang'ana bambo. Ndinkangofuna anene mawu awiri okha, mwana wanga, zinazo ndikanapirira.

"Ndi mtsikana wotithandiza zam'nyumba," anatero bambo, maso ali pa ndodo yawo. "Amaipatsa makoko a zipatso, ndiye imamutsatira."

"Basi ndi choncho, nyama ndi mimba," anaseka mlendoyo. "Anti, muzitalikira pang'ono. Ikakupondani, ife sitikudziwani."

Anatambasula pepala pa bonati ya galimoto. Bambo anasaina, achimwene anasaina pa mzere uja ndi cholembera changa, chimene ndinasiya pa tebulo m'mawa.

"Iwe," anatero bambo osatembenuka, "kaikire alendo tiyi."

Ndinapita. Ndili kukhitchini ndinaona pawindo achimwene akuyesa kubweza Mwano m'khola. Anakoka chingwe, anaikankha kumbuyo, anayesa ndi mluzu womwe, koma unatuluka ngati wa ketulo. Hatchi sinasunthe. Makutu ake anali ataloza kukhitchini.

Galimoto itapita, bambo anabwera pakhomo akutsimphina.

"Mwanawe, tangoimba kamodzi ilowe. Dzuwa likuipweteka."

Tsopano ndinali mwana wawo. Ndinatsuka kapu ya mlendo, ndinaipukuta, n'kuiika pa shelefu.

"Aphunzitsi ali panjapo, bwana," ndinatero.

Ndinamva ndodo yawo ikugogoda kubwerera. Mwano inakhalabe padzuwa. Ndinapirira mpaka mbale zonse zitatha, kenako ndinatsegula windo n'kuimba mluzu umodzi wautali, Mwano n'kuyamba kulowera kukhola. Hatchiyo sinandilakwire kanthu.