Michira Yochedwa

"Masekondi makumi anayi," anatero achimwene ake a Kasingano, maso ali pa foni. "Uwunso ndi wochedwa. Yonseyi n'chimodzimodzi."

Anali atanjuta pakati pa bwalo, pa njerwa zitatu zimene bambo awo ankayeserapo makombola ophulitsa pa zikondwerero. Pa njerwa yapakatiyo panali kamzere ka phulusa, pamene kachingwe kanali katangotha kupsa. Kachingweka bambo awo ankakatchula kuti mchira, ndipo onse m'nyumbamo ankangoti mchira. Umayatsa kunsonga, moto n'kumayenda mpaka kukalowa m'kombola iwe utathawa kale. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambowo. Mipando yobwereka inali idakali yosanjikiza kumpanda, ndipo khoma la shedi linali lakuda mbali imodzi.

Kasingano anali pakhonde kupinda mabulangete amene alendo anafunda. Anali telala, mayi wa zaka makumi atatu, koma dzina limene bambo ake anamupatsa ali mwana chifukwa cholowa paliponse linakana kumuchoka. Bulangete limodzi anali atalipinda katatu n'kulifunyululanso.

"Apolisi anati zonse tiviike m'madzi, adzatenga Lachisanu," anatero bambo aang'ono, atakhala pa ndowa yovundikira. "Sanati tizisewera nazo."

"Makombola onse ndaviika, ali mumgolomo. Iyi ndi michira chabe, siphulika. Ine ndikufuna ndidziwe chinawapha bambo."

"Chinawapha n'chodziwika kale, mwanawe. Kombola linakhala chete, iwo n'kubwerera kukalisuzumira. Ukalamba umenewo."

"Bambo? Kubwerera?" Achimwenewo anadula mchira wina ndi lumo. "Munthu amene ankatimenya tikangoloza chala kombola lozima?"

Apo sananame. Lamulo la mwini shediyo linali limodzi, ndipo ana ake analidziwa asanadziwe kulemba maina awo: kombola likakhala chete, usaliyandikire mpaka ola lithe, ndipo ukamapita upite ndi ndowa ya madzi. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yawo yeniyeni inali yokonza maambulera ndi zotsekera zikwama, makombolawa anali chikondi chabe, opangira maukwati a anthu odziwana nawo. Kumaukwatiko ankawaseka kuti a Dikirani, chifukwa akayatsa, anthu ankatseka makutu, kutsegula, kuyamba kucheza zina, kenako m'pamene kumwamba kunkachita maluwa.

Achimwene a Kasingano anali makaniko, ndipo makaniko sakhulupirira kuti chinthu chimangofa chokha. Ankati galimoto imene yayenda bwino zaka makumi atatu ikazima panjira, ufunse chimene chasintha sabata yathayi. Chimene ankafunafuna chinali mchira umene umazima pakati, n'kubisa moto mkati, n'kudzadzukanso munthu atayandikira. Akaupeza, aufunyulule, aone chimene chinalowamo chachilendo.

Chachilendocho Kasingano ankachidziwa, ndipo n'chimene chinkamudya usana ndi usiku chichitikireni ngoziyo.

Kwa zaka khumi, ulusi wopotera michira ankabweretsa ndi iye. Bambo ake ankafuna mtundu umodzi wokha, wathonje, wa pa timitengo tofiira. Mwezi wathawu kusitolo unatha, ndipo mwini sitolo anamupatsa wina woterera, wonyezimira pang'ono, n'kunena kuti ulusi ndi ulusi. Kasingano ankadziwa kuti akapita nawo chomwecho bambo ake amubweza pakhomo pomwepo, iye ali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi akumudikira. Ndiye anakhala pa makina ake n'kukulunga ulusi watsopanowo pa timitengo tofiira takale, khumi ndi tiwiri. Bambo ake analandira, anati, "Ndiwe mwana iwe," iye n'kubwerera kuntchito akudziyamikira kuchenjera. Patapita masabata atatu anamuimbira foni kuti athamangire kuchipatala, koma anapeza atawafunditsa kale kumaso.

Mchira wina unapsa mpaka kumapeto. Achimwene ake anatukwana chapansipansi n'kulowa m'shedi, ndipo anatuluka ndi mtolo wina umene unali pa msomali wakuseri kwa chitseko.

"Iyi ikuoneka yatsopano," anatero. "Iyi ndiye ndiifunyulula."

Bulangete linagwa m'manja mwa Kasingano. Anatsika pakhonde n'kukaima pafupi ndi njerwa zija.

"Achimwene, musavutike. Ndi ulusi."

"Ulusi watani?"

Anafotokoza zonse, za sitolo, za madiresi, za timitengo tofiira. Sanalire. Mawu ankangotuluka owuma, limodzilimodzi, iye akuyang'ana phulusa. Bambo aang'ono anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Achimwene ake anaimirira pang'onopang'ono, lumo lili m'manja.

"Unachita kukhala pansi n'kukulunga?"

"Inde."

"Timitengo khumi ndi tiwiri. Sunaganize ngakhale pa kachitatu? Pa kachisanu?"

"Ndinkati ulusi ndi ulusi."

"Iwe telala ukunena kuti ulusi ndi ulusi?" Anaponya lumo pansi. "Ine ndagona panja masiku atatu, mutu ukuwira, ndikuti mwina bambo anayamba kusokonezeka ife osaona. Iwe uli phee, ukugawira anthu tiyi. Bambo afera madiresi a eni ake!"

"Mwanawe, ugwire mtima," anatero bambo aang'ono.

"Ndigwire mtima wa chiyani? Iwe, maliro atha. Tenga chikwama chako uzipita. Ukadzandiona pamsewu usadzandiitane."

Kasingano anagwedeza mutu kuvomera. Zinamupweteka, komabe penapake mtima unapepuka, poti chilango chimene ankachiyembekezera chinali chitafika. Anatembenuka kuti akatenge chikwamacho, ndipo anapeza amayi ake ataima pakhomo, atagwira felemu ya chitseko.

Amayiwo anali asanayankhule mawu opitirira awiri chibwerereni kumanda. Mwendo wawo wamanzere unali wolumala kuyambira kale, pamene anagwa pa lole Kasingano ali kumsana, ndipo khutu la mbali yomweyo silinkamva. Anali atapendeketsa mutu, khutu labwinolo lili kubwalo.

"Palibe akupita kulikonse," anatero. "Kasingano, pansi pa bedi pali chitini cha mkaka. Katenge."

Chitinicho chinali chopepuka. Kasingano anachiika pa sitepe n'kuchitsegula ndi chikhadabo. Munali timitengo tofiira khumi ndi tiwiri, todzaza ndi ulusi wonyezimira uja. Kamodzi kokha n'kamene kanali katayambidwa, ndipo kunsonga kwa ulusi wake kunali kamkanda kakuda, kolimba.

"Tsiku lomwelo, iwe usanafike n'komwe pa geti, bambo ako anauluma ndi mano," anatero amayi. "Kenako anauyandikiza ku machesi, unangosungunuka. Anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere, 'Taonani Kasingano akufuna kupusitsa ine.' Kutacha anakwera njinga, anayenda masitolo anayi mpaka anaupeza wathonje uja."

"Bwanji sanandiuze?"

"Anati wataya madzulo onse ukukulunga, ungachite manyazi. Anati akuuza ukatha madiresi."

Kasingano anakhala pansi pa sitepe, chitini chili pamiyendo. Misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera yonse nthawi imodzi. Achimwene ake anayang'ana timitengoto, anayang'ana mlongo wawo. Mawu akatuluka sabwerera, ndipo iwo ankadziwa zimene anali atangonena.

"Basi, ndi zimene ndimanena zija," anatero bambo aang'ono, akuvalanso chipewa. "Palibe wolakwa apa. Akuluwo anangokalamba, anaiwala lamulo lawo lomwe."

"Alamu, sanaiwale."

Amayi anatsika sitepe imodzi, mwendo wabwino patsogolo, winawo n'kuukoka.

"Sabata yonse ija kunagwa mvula, zinthu m'shedimo zinachita chinyontho. Kombola lija litakhala chete, anachita monga mwa masiku onse. Anakhala apo pamene mwakhalapo inu, ndowa ya madzi ili pambali, akudikira ola lithe. Anabwera kukhitchini kudzandiuza kuti ndisatuluke. Ndinawaona pakamwa pakuyenda, ine ndinkati akufunsa za tiyi. Ndinangoti eya."

Amayi anapitiriza.

"Dzuwa litatuluka ndinati ndiyanike zovala. Ndinatulukira khomo lakuseri, beseni lili pamutu, ndikudutsa apa pa njerwa poti m'pafupi ndi chingwe. Akuti anakuwa, oyandikana nafe anamva onse. Ine khutu ili linali kwa iwo." Anagwira khutu lakufalo. "Ndinangoona munthu akuthamanga, wa zaka zake zija, akuthamanga ngati mnyamata. Anandikankhira uko, ine ndi beseni langa. Iwo anatsala apa."

"Amayi," anatero achimwene, "apolisi munawauza kuti munali m'nyumba."

"Ndinawauza. Ndi inu nomwe ndinakuuzani. Ndinkaopa maso anu. Ndakhala ndikumva mukuwanena kuti anakalamba, anasokonezeka, ine ndili chete. Koma sindingakhale chete mwana akusenza mtolo wanga."

Bambo aang'ono anayang'ana pansi pakati pa nsapato zawo. Kuseri kwa mpanda wina ankakhoma msomali, kenako analeka. Kasingano ankafuna kunyamuka kuti akawagwire amayi ake, koma nkhope yawo inali yoti munthu asayandikire.

Achimwene anatola mchira umodzi pa mtolo uja n'kumaupotokola m'zala. Munthu akasowa chonena amabwerera ku chimene amachidziwa.

"Koma michirayi ili ndi vuto ndithu," anatero motsitsa. "Ndayesa khumi ndi isanu, yonse masekondi makumi anayi. Ya anzawo imatha pa khumi. Mwina ikanakhala yachangu…"

"Ika pa njerwapo," anatero amayi.

"Amayi?"

"Ika. Foniyo ubweze m'thumba, bambo ako analibe foni."

Anayenda mpaka pa njerwa zija, pamalo pomwe anali asanapondepo chichitikireni ngoziyo, n'kuima chala chakuphazi chitagunda njerwa yapakati. Achimwene anagoneka mchirawo. Machesi awiri anathyoka, kachitatu kanayaka.

Moto utagwira kunsonga, amayi anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kukhonde. Sanafulumire, poti kufulumira analibe. Mwendo wabwino unkapita patsogolo, winawo n'kumatsatira ukukwekwereza fumbi. Anadutsa mgolo wa makombola oviikidwa. Anadutsa bambo aang'ono, amene anabweza mapazi awo kuti awapatse njira. Kumbuyo kwawo kamoto kankayenda ndi kaphokoso kake ka sii, kautsi kakukwera. Kasingano ankayang'ana uku ndi uku, kamoto ndi msana wa amayi ake, ndipo pakati pa bwalo anayamba kumvetsa. Anakumbukira masana ambirimbiri ali mwana, bambo ake akuitana, "Mayi a ana, tabwerani muime apa," amayi ake n'kumadandaula kuti ali ndi ntchito, ana akuganiza kuti ndi macheza a akuluakulu.

Amayi anafika pa sitepe, anagwira mzati, anakwera, anatembenuka n'kukhala pansi pambali pa Kasingano. Atangokhazikika, kamoto kaja kanafika kumapeto kwa njerwa n'kuzima.

"Mtolo uliwonse watsopano ankandiyendetsa chonchi," anatero, akupuma mwamphamvu. "Mwendowu ukamalemera ndi zaka, iwo n'kumatalikitsa. Anthu aziseka, ankatero, bola wochedwa kuposa onse afike kaye."

Achimwene anali adakali chinjutire pa njerwa paja, bokosi la machesi lili m'manja. Patapita nthawi anasonkhanitsa michira yotsalayo, naipinda bwinobwino monga ankapindira bambo awo, n'kupita nayo kumgolo. Yonse anaiviika m'madzi.

Amayi anatenga chitini chija pamiyendo pa Kasingano, anabwezeramo kamtengo kamene kanagwera pa sitepe, n'kutseka chivundikiro ndi chikhatho. Sanamubwezere. Anachifungatira pamimba, maso ali pa njira imene mwendo wawo unalemba m'fumbi, kuchokera pa njerwa kufika pakhonde.