Timizere ta M'mphepete mwa Dikishonale

Aguluu ankamanga mabuku othetheka m'kachipinda ka kuseri kwa malo osindikizira. Dzinalo linachokera ku fungo la guluu la m'zala zawo. Zenera limodzi. Tebulo lalitali. Pakona, chimpeni chodulira mapepala. Kagwiridwe kawo ka ntchito sikankasintha: kusoka, kumata, kenako kusenga m'mbali zitatu kuti buku lituluke loyera ngati latsopano. Kuwerenga ayi.

Lolemba kunabwera mayi wamasiye atakulunga dikishonale yachingerezi m'thawulo. Msana wothyoka, masamba akuthothoka. Inali ya malemu amuna awo, omwe ankamasulira m'khoti.

"Mundisamalire, bambo. Ndibwera Lachisanu masana."

Anasoka. Anamata. Lachisanu m'mawa anatsitsa chimpeni. Khwaa, katatu. Timizere ta pepala tinagwa pansi ngati nthenga. Dzuwa linali litalowa pazenera, fumbi likuyandama mwaulesi. Atawerama ndi tsache, anaona zolemba za pensulo pa timizereto. Timalemba ting'onoting'ono, toyenda motsata m'mphepete, tonse tadulidwa kuchoka m'buku.

Anatola kamzere kamodzi. "Kafundidwe ka dzuwa pamsana nyengo yozizira." Kena: "Nthawi ija dzuwa lalowa koma nyale sunayatse." Kena: "Thambo, monga ankalitchulira akale." Matanthauzo okhaokha, mawu ake atatsala m'buku. Ngati ana osochera pa depoti ya basi.

Anakhala pansi pa simenti. Tsache linagwa. M'fumbi muja ankachita ngati akumuona munthu amene sanakumanepo naye, mwini dikishonaleyo: wavula jekete, akusongola pensulo ndi lezala, akuitana mawu okalamba amene ngakhale eni ake anawaiwala. Mawuwo akubwera mmodzimmodzi, ndi ndodo, kudzakhala pabenchi. Iye akuwafunsa mayina, akuwapatsa pogona m'Chichewa.

"Odi!"

Anali mayi aja. Aguluu anathira timizere m'katoni.

"Ii, yakongolatu ngati mkwatibwi," anatero mayiwo polandira bukulo. Anatsegula. Chala chinayenda m'mphepete moyera mbee. Anatsegula pena. Penanso.

"Zolemba za bambo a kunyumba zili kuti?"

Aguluu anakankha katoni ndi manja awiri. "Ndalakwa, mayi. Buku lililonse ndimalisenga. Sindinayang'ane."

"Zaka zingati mukumanga mabuku?"

"Makumi atatu."

"Osawerenga?"

"Ndimaopa kuchedwa."

"Wophika wosalawa! Mukanakhala ometa, bwenzi anthu akuyenda opanda makutu."

Kunja basi inadutsa, zenera linanjenjemera. Mayiwo anakoka mpando. Analowetsa dzanja m'katoni ngati akuyesa madzi osamba, nkutulutsa kamzere kamodzi. Anakayandikitsa kumaso.

"Kafundidwe ka dzuwa... Mawu awa ndikuwadziwa. Apricity. Ankawanena pakhonde kukazizira, atatsinzina ngati mphaka."

Anafunafuna tsamba lake. Anagoneka kamzere pambali. Kanakwana.

Anatola kena, nawerenga mokweza: "Waulesi wodzuka dzuwa lili paliwombo. Chitsanzo: mayi a m'nyumba muno." Anawerenganso. Kenako chiseko, chotuluka ndi misozi.

"Slugabed! Nkhalamba yamwano! Zaka zonsezi ankanditchula choncho, ati ndi dzina la duwa."

"Ndimata tonse, mayi," anatero Aguluu. "Ngakhale zinditengere chaka."

"Mudziwa bwanji pomata? Chingerezi chake ndi cha m'manda ichi. Ine ndinachimva zaka makumi anayi, pa tebulo, pochapa, ngakhale pokangana." Anapukuta m'maso ndi thawulo lija. "Chiwaikireni m'manda sindinalitsegule bukuli. Ndimaopa. Ndipatseni katoniyo. Kamzere kamodzi patsiku, ndidzamaliza."

"Tina tidzakuvutani."

"Tidzadikira. Eni ake sakuthamangira kulikonse. Inu ndiphunzitseni kumata basi."

Aguluu anatsegula botolo la guluu. Anadula kapepala kopyapyala kolumikizira, nawapatsa burashi yaing'ono.

"Nsonga yokha, mayi. Mukachulutsa, pensulo ifufutika. Eya. Tsopano tsinderani ndi chala. Musapume mwamphamvu, kauluka."

Mayiwo anagwira mpweya. Anatsindira. Atachotsa chala, kamzere kanagwira, koma kopendekera pang'ono.

"Kapendekera," anatero Aguluu, akutambasula dzanja.

Mayiwo anawamenya kambama kakang'ono pa dzanjapo.

"Kasiyeni. Eni ake nawonso sankayenda mowongoka."